Kompyuta Ikuti "No Bootable Device": Musathamangire Kufomata

[Wofotokoza ali pa tebulo, laputopu yoyaka ili patsogolo pake]

Moni nonse, takulandirani. Lero tikambe za vuto lija limene limautsa mtima m'mawa: mwadina batani loyatsira kompyuta, fani yayamba kuzungulira, dzina la kampani laoneka bwinobwino, kenako mdima ndi timawu toyera pakona. Pa Dell timati "No boot device found". Pa HP timati "Boot Device Not Found", ndipo m'munsi mwake mumaona 3F0. Kwina mumaona "Reboot and select proper boot device". Nkhani yake ndi imodzi: kompyuta yafufuza disiki yoti idzutsirepo Windows koma sinaipeze.

Chonde mvetsani ichi tisanagwire chilichonse. Uthenga umenewu sukutanthauza kuti mafayilo anu apita. Nthawi zambiri nyumba imakhala ilipo, katundu yense ali m'katimo, changogwa ndi chikwangwani cholozera njira. Chimene chimataitsa anthu zinthu ndi changu. Munthu amathamangira kwa okonza makompyuta, iwo n'kunena kuti "tingoikamo Windows yatsopano". Pakutha pa ola limodzi kompyuta ikuyaka ndithu, koma kafukufuku wa kusukulu, zithunzi za ukwati, mabuku a ngongole za pashopu, zonse zafufutika. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa kawirikawiri sipakhala chifukwa chofomatira.

Mukayatsa kompyuta, choyamba kudzuka si Windows. Pali kapulogalamu kakang'ono kokhala pa motherboard penipeni, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, kotchedwa BIOS, kapena UEFI pa makompyuta a masiku ano. Ntchito yake ndi kuona zipangizo zonse zimene zilipo, kenako kutsata mndandanda wa malo amene kauzidwa kuti kafufuzeko Windows. Ndiye vuto limakhala pawiri. Mwina BIOS ikuiona disikiyo koma ikulephera kudzutsa zimene zili m'kati, kapena sikuiona n'komwe. Ntchito yathu yonse ndi kudziwa kuti tili mbali iti.

Yambani ndi zosavuta. Zulani fulashi iliyonse, memori khadi, disiki ya kunja, ngakhale foni imene mumatchaja pa USB. Zimitsani, chotsani chaja, dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 15, kenako yatsaninso. Ena vuto lawo limathera pomwepa.

[Kamera iyandikire pa mabatani a kompyuta]

Ngati zakanika, lowani mu BIOS. Mukangoyatsa, dinani batani lake mobwerezabwereza. Pa Dell ndi Acer ndi F2. Pa HP ndi F10, kapena Esc kaye. Pa Lenovo ThinkPad ndi F1, ndipo pa makompyuta ambiri a patebulo ndi Delete. Mukalowa, fufuzani pamene palembedwa Storage, System Information kapena Boot, muone ngati dzina la disiki likuoneka. Ya Seagate imayamba ndi ST, ya Western Digital imayamba ndi WD, zina zimangolemba Samsung, Toshiba kapena Kingston. Ma HP ena saonetsa dzinali, choncho pamenepo dinani F2 poyatsa, musankhe kuyeza disiki. Dell ili ndi choyezera chake mukadina F12 n'kusankha Diagnostics.

Tiyambe ndi amene disiki yawo ikuoneka. Inu pumani kaye, mwayi wanu ndi waukulu.

Musanasinthe kanthu, jambulani tsamba lililonse la BIOS ndi foni, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Kenako yang'anani tsiku ndi nthawi. Ngati kompyuta ikunena chaka cha kalekale, wolakwa mwamupeza: kabatire kakang'ono kooneka ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka mavoti atatu. Ndi kamene kamasunga nthawi ndi zimene BIOS inauzidwa kompyuta ikazima. Kuno ambiri timagula makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo kabatireka kamafika katatopa kale. Kakatha mphamvu, BIOS ikhoza kubwerera mmene inachokera ku fakitale, n'kuyamba kufufuza Windows m'njira yosiyana ndi imene inaikidwira. Pa kompyuta ya patebulo mumangokachotsa ndi chala n'kuikapo kena. Pa malaputopu ambiri kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki, kali ndi timawaya tiwiri.

Pali zinthu zitatu zimene zimasokonekera. Choyamba ndi mndandanda uja, Boot Order. Pamwamba payenera kukhala Windows Boot Manager, kapena dzina la disiki yanu. Mukaona kompyuta ikulemba mawu a PXE poyaka, ndiye kuti yasowa disiki ndipo yayamba kufufuza pa netiweki.

Chachiwiri ndi UEFI ndi Legacy, ndipo apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pamene pamagwa ambiri. Disiki imagawidwa m'njira ziwiri. Njira yakale imatchedwa MBR ndipo imayendera Legacy. Yatsopano ndi GPT, imayendera UEFI. Windows imene inaikidwa mwa njira yakale sidzuka ngati BIOS ili pa UEFI yokha, ndipo inayo nayonso sidzuka pa Legacy. Disiki ili bwino, Windows ili bwino, koma sizikumvana. Ngati muli ndi Windows 11 yoikidwa mwa dongosolo lake, yankho ndi UEFI basi. Ngati ndi Windows 10 kapena 7 imene wina anakuikirani pa kompyuta yakale, yesani Legacy, imene ena amailemba kuti CSM. Nthawi zina siisankhika mpaka mutazimitsa Secure Boot. Kusintha kumeneku sikufufuta kanthu, zikakanika mumangobwezera.

Chachitatu ndi SATA Mode, njira imene kompyuta imalankhulirana ndi disiki, pamene pali AHCI ndi RAID. Izi zikasinthika, Windows imayamba kudzuka kenako n'kugwa pa sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE BOOT DEVICE. Bwezerani pamene zinali.

Zonsezi zili m'malo mwake koma sizikuyakabe? Ndiye kuti timafayilo todzutsira Windows tawonongeka, ndipo zimachitika kwambiri magetsi akathima kompyuta ili pakati pa update. Pitani pa kompyuta ya mnzanu ndi fulashi yopanda kanthu ya 8 GB kapena kuposerapo, mupange fulashi ya Windows ndi pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Media Creation Tool. Dzutsani kompyuta yanu ndi fulashiyo. Tsopano tcherani khutu: musadine Install. Sankhani Repair your computer, kapena Repair my PC pa Windows 11 yatsopano, kenako Troubleshoot, kenako Startup Repair. Ikalephera, pali lamulo la bcdboot limene limalemba timafayiloto mwatsopano kudzera mu Command Prompt, polembera malamulo a kompyuta, koma limafuna kuti mudziwe chilembo chenicheni cha gawo limene kuli Windows, ndipo mu fulashi chilembocho sichikhala C nthawi zonse. Ngati simunazolowere, pemphani wodziwa, ndipo mumuuze momveka bwino kuti, "Achimwene, mafayilo atuluke kaye."

Pa malaputopu atsopano a purosesa ya Intel, kuyambira m'badwo wa 11, fulashi ya Windows nthawi zina siiona disiki ngakhale ili yamoyo, chifukwa ikusowa driver ya Intel RST, kapulogalamu kothandiza Windows kuona disikiyo. Wina asakuuzeni kuti disiki yafa chifukwa cha zimenezo zokha.

[Wofotokoza azimitsa laputopu n'kuitembenuza]

Tsopano inu amene BIOS sikuona disiki n'komwe. Ikani khutu pa kompyuta poyatsa. Hadi disiki ili ndi timbale m'kati, tozungulira ka 5400 kapena 7200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Mukamva phokoso la "ke, ke, ke" lobwerezabwereza, kapena kulira kopyapyala ngati ikukanika kuzungulira, zimitsani pompo. Musayatsenso kuti muone ngati zasintha. Nthawi iliyonse imene mwayatsa, kamkono kaja kakhoza kukanda timbale, ndipo pokandikapo ndi pamene pali mafayilo anu. Musaimenye, musaiike mu firiji monga amanenera ena, ndipo musaitsegule. Kafumbi kamodzi n'kokwanira kuiwonongeratu. Imeneyo ndi ntchito ya akatswiri opulumutsa mafayilo, ndipo ndi yodula, choncho ganizani kaye ngati zili m'katizo n'zoyenera ndalama zimenezo.

Ngati kulibe phokoso lachilendo, mwina yangosuntha. Laputopu imene imagwedezeka m'chikwama tsiku ndi tsiku pa minibasi kapena pa kabaza imamasuka zinthu m'kati. Zimitsani, zulani chaja, chotsani batire kapena kawaya kake, gwirani chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi achoke. Chotsani disikiyo n'kuibwezeranso mwamphamvu bwino. Ngati ndi SSD (disiki yopanda timbale tozungulira) ya M.2, kaja kopyapyala kotalikirapo, imagwidwa ndi kabawuti kamodzi: masulani, isololeni, ilowetseninso chopendekera, kenako igonekeni n'kumanga. Pa kompyuta ya patebulo disiki ili ndi zingwe ziwiri, cha SATA ndi cha magetsi. Yesani chingwe china, yesaninso bowo lina pa motherboard. Ndipo ngati mwangoikamo M.2 yatsopano, dziwani kuti pa ma motherboard ena imatseka mabowo ena a SATA. Kompyuta ikakhala kuti ikadali pa waranti, musatsegule, ibwezeni kumene munagula.

SSD ilinso ndi khalidwe lake. Magetsi akathima mwadzidzidzi, ina imasowa osaoneka, chifukwa ikuyesa kukonzanso kaundula wake wa m'kati. Yatsani kompyuta, lowani mu BIOS, muisiye choncho kwa mphindi 30. Zimitsani, zulani ku magetsi pang'ono, kenako bwerezaninso. Sizithandiza nthawi zonse, koma sizikudyerani ndalama.

Chotsatira ndi kuyesa disikiyo kwina. Pali kachipangizo kolumikiza disiki ku USB. Okonza makompyuta ambiri ali nako. Ikaoneka pa kompyuta ina, koperani mafayilo ofunika kwambiri nthawi yomweyo, zoyeza thanzi lake ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo zibwere pambuyo. Windows ikakufunsani kuti Format kapena Initialize, yankho ndi Cancel. Ikafunsa kiyi ya BitLocker, loko wa Windows wotseka mafayilo a pa disiki, kiyiyo ndi manambala 48, ndipo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene munalowera pa kompyutayo, kapena ndi a IT ngati ndi ya kuntchito. Popanda kiyiyo palibe mmisiri amene angatsegule, ndiye wina akakulonjezani kuti athyola, sungani ndalama zanu.

Disiki ikagwira ntchito pa kompyuta ina koma yanu ikuikanabe, vuto lili pa kachingwe ka m'kati kapena pa motherboard. Ikakana kulikonse, pafunika ina. Gulani SSD, koma onetsetsani kaye mtundu wake, chifukwa M.2 ilipo ya SATA ndi ya NVMe, ndipo si malaputopu onse amene amalandira zonse ziwiri. Timalaputopu totsika mtengo ta 32 kapena 64 GB nthawi zambiri timakhala ndi disiki ya mtundu wa eMMC yowotchereredwa pa motherboard, imene simungaichotse nokha.

Windows yatsopanoyo ipite pa disiki yatsopano. Yakaleyo musaisiye kushopu. Itengeni, ikulungeni bwino, lembanipo tsiku, muisunge pouma mpaka mutapeza wokhoza kutulutsamo mafayilo anu.