Kulowa koyamba mpikisano wa tiasilikali ta patebulo: nkhani imene inakambidwa ku Ulongwe

Zikomo anyakwawa, zikomo makolo athu, azibambo ndi azimayi, ndi inu achinyamata amene mwandiitana. Mwaswera bwanji nonse? Anawo asiyeni abwere kutsogolo kuno aone bwino, koma manja kumbuyo, penti ya tiasilikali tinati sinaume.

Atsogoleri a gulu lanu andipempha kuti ndifotokoze momwe munthu woyamba kumene amakonzekerera mpikisano wa masewera awa, poti mukufuna kuchititsa wanu kuno ku Ulongwe, komanso ena muli ndi abale ku Joni amene tsiku lina adzakutengerani ku mipikisano ya kumeneko. Ineyo ndinaphunzirira ku Johannesburg komweko, m'masitolo ogulitsa tizidoleti, momwe Loweruka amayala matebulo anthu n'kumasewera mpaka madzulo.

Koma ndamva mawu awiri akunong'onedwa kumbuyoko, nkhondo ndi juga, ndiye ndiyambe ndi amenewo. Makolo muli ndi chifukwa chonyinyirika. Ambiri a inu munathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, munabwerako mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992, ndipo simufuna mwana wanu aziyesa nkhondo nthabwala. Sindikubisirani, masewerawa anachokeradi kwa asilikali. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake njira yophunzitsira atsogoleri ankhondo pa mapu, ndi tizidutswa toimira magulu a asilikali. Mu 1913 mlembi wa ku England, H. G. Wells, anasindikiza malamulo oti anthu wamba azisewerera ndi tizidole ta asilikali m'nyumba, ndipo iyeyo ankati bola anthu azimenyana ndi tizidole kusiyana ndi kuphana zenizeni. Amene ali otchuka kwambiri lero ndi Warhammer 40,000, amene anatuluka mu 1987 kuchokera ku kampani ya Games Workshop, imene likulu lake lili ku Nottingham. Nkhondo zake n'zopeka, za kutsogolo kwambiri, za m'mlengalenga. Komabe ngati pakhomo panu simukuwafuna, mawu ndi anu, mwana asakukakamizeni.

Za juga, madayisi alipodi, a mbali 6, ndipo amaponyedwa ambirimbiri. Kubetcha kulibe. Ndalama yolowera imalipira holo ndi mphoto, basi. Mu mpikisano wanu lamulo loyamba likhale limeneli: wopezeka akubetcherana, ngakhale ndi metikali imodzi, atuluke.

Tsopano tsikulo limayenda bwanji? Nditenga chitsanzo cha Warhammer 40,000 monga mwa malamulo amene anatuluka mu 2023. Kagulu kalikonse ka asilikali kali ndi mtengo wake wa mapointsi, ndipo aliyense amabwera ndi gulu lankhondo losapitirira mapointsi 2000. Mumalemba mndandanda wa zonse zimene mwasankha n'kuupereka kwa okonza mpikisano lisanafike tsikulo, ndipo mukapereka simusinthanso. Tebulo limakhala mainchesi 44 ndi 60, kunena kwake pafupifupi masentimita 112 ndi 152. Kuno tinazolowera mita, koma masewerawa amayeza ndi inchi, ndiye pogula tepi onetsetsani kuti ili ndi mbali ya mainchesi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Mpikisano wa tsiku limodzi umakhala ndi masewera atatu, wa masiku awiri umakhala ndi asanu kapena kuposa, ndipo masewera amodzi amapatsidwa pafupifupi maola atatu.

Chimene chimaopsa anthu ambiri n'chakuti amaganiza kuti ukagonja koyamba wanyamula katundu wako. Ayi. Palibe amene amatuluka. Masewera oyamba amakugwirizanitsani mwamaere, kenako opambana amakumana ndi opambana anzawo, ogonja ndi ogonja anzawo. Ndiye ngakhale m'mawa mukumane ndi katswiri akusambitseni, pofika masana mukhala mukusewera ndi munthu wa msinkhu wanu. Masewera okoma kwa woyamba kumene nthawi zambiri amakhala omalizawo.

Posankha gulu lanu, musathamangire zimene akatswiri akupambana nazo pa intaneti. Tengani zimene mwazisewerapo kunyumba, ndipo mitundu ikhale yochepa. Mtundu uliwonse uli ndi manambala ake: umayenda mainchesi angati, umalasa ndi nambala yanji, umapirira bwanji. Munthu wobwera ndi mitundu khumi ndi iwiri amatha tsiku akutsegula buku. Lembani manambalawo pa pepala limodzi, muliike pambali pa tebulo. Malamulo a mnzanuyo simungawadziwe onse, ndipo palibe amene akuyembekezera zimenezo. Anu okha ndiwo muyenera kuwadziwa ngati dzina lanu.

Pano tcherani khutu, chifukwa ndi pamene oyamba kumene amagwera. Patebulo pamakhala malo osankhidwa, kawirikawiri asanu, oikidwa chizindikiro. Mapointsi opambanira, omwe ndi osiyana ndi a mtengo aja, amachokera kwambiri pa kugwira malo amenewo. Pa mapointsi 100 amene munthu angapeze, 50 ndi a ntchito yaikulu yogwira malo, 40 ndi a tintchito tina timene makadi amakupatsani, ndipo 10 mumangopatsidwa chifukwa chakuti tiasilikali tanu tonse n'topentedwa. Mwamva? Khumi aulere, musanaponye n'komwe dayisi. Choncho pentani, ngakhale ndi penti ya mitundu itatu yokha, bola pulasitiki isaoneke.

Ndiye mnyamata amaona chithanki chachikulu cha mnzake, mtima n'kukwera, gulu lonse n'kulunjika pamenepo. Achiphwanyadi, anthu oonera n'kuwomba m'manja. Koma nthawi yonseyo mnzake uja wakhazika tiasilikali tisanu totsika mtengo pa malo atatu, ndipo ndime iliyonse akungolemba mapointsi. Masewera ali ndi ndime zisanu zokha, ndipo pa ndime iliyonse aliyense amalandira mpata wake wosewera. Pomaliza wophwanya thanki uja ali ndi 40, winayo ali ndi 80 ngakhale watsala ndi asilikali owerengeka. Inu a bawo mumamudziwa munthu wosusukira kudya nkhomo amene saona kuti mzere wake wakutsogolo watsala poyera. Musanasunthe kanthu kalikonse dzifunseni kuti ndime ino mapointsi anga achokera pati, nanga a mnzangayu ndingawachepetse bwanji. Kuwombera kubwere pambuyo pa mafunso amenewo. Nthawi zina nzeru ndi kubisa kagulu kanu kuseri kwa chipupa, osaombera n'komwe, kuti kadzatulukire pa ndime yachinayi n'kulanda malo.

Achimwene apo mwafunsa kuti nanga si zonse zimangotengera mwayi wa madayisi? Tiyeni tiwerenge limodzi, ana a sukulu muthandize. Lamulo likati mufunika 3 kapena kuposa, nambala zabwino ndi 3, 4, 5 ndi 6, zinayi mwa zisanu ndi chimodzi. Mukaponya madayisi 12, yembekezerani kuti pafupifupi 8 alasa. Tsopano pothamangira adani kuti mukagwirane nawo, mumaponya madayisi awiri n'kuphatikiza, ndipo nambala yotulukayo ndiyo mainchesi amene mungathamange. Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Kuti mupeze 7 kapena kuposa pali njira 21, kuposa theka pang'ono. Kuti mupeze 9 kapena kuposa pali njira 10 zokha mwa 36. Ndiye munthu amene waika chiyembekezo chake chonse pa kuthamanga mainchesi 9 akalephera asanene kuti walodzedwa. Anasankha yekha njira imene imakanika pafupifupi katatu mwa kanayi kalikonse. Mwayi ulipo, inde, ndipo tsiku lina udzakulizani, koma wosewera wabwino amakhala atakonzeratu choti achite dayisi likamukana.

Nthawi. Maola atatu amaoneka ambiri mpaka mutayamba kusuntha tiasilikali 60 kamodzikamodzi. M'mipikisano yambiri amaika wotchi ya mbali ziwiri, ngati ya tchesi, aliyense theka lake la nthawi. Yanu ikatha simungachitenso kanthu, mnzanu amangopitiriza kukolola. Ganizani pamene mnzanu akusewera, osati kuyamba kukanda mutu nthawi yanu itakwana. Madayisi a mtundu umodzi aponyeni pamodzi. Ndipo muziyeserera kunyumba ndi wotchi ya pafoni kufikira mutamaliza ndime zonse zisanu nthawi isanathe. Kwa ine, woyamba kumene amene wagonja masewera onse atatu koma onse wawamaliza, wakhoza kuposa amene wapambana amodzi othera pa ndime yachiwiri.

Chimene ndikufuna mupite nacho kwenikweni ndi pakamwa. Masewerawa alibe mabokosi ngati dama, poti kanthu kali apa kapena apo. Pano timayeza ndi tepi, ndipo theka la inchi likhoza kudanitsa anthu. Mankhwala ake ndi kulankhula musanachite. Mukafika patebulo perekani moni, nenani poyera kuti uwu ndi mpikisano wanga woyamba. Palibe manyazi, ndipo ambiri amasangalala kukuthandizani. Muonetseni mndandanda wanu, iye akuonetseni wake, mumufunse kuti kodi muli ndi chiyani chimene chingandidzidzimutse, ndi kagulu kati kamene kamayenda patali, ndi kati kamene kamatulukira kumbuyo. Gwirizanani za nyumba ndi mitengo ya patebulo, iti imabisa ndi iti siyibisa. Gwirizanani kuti dayisi likagwa pansi kapena likatsamira pa kanthu liponyedwanso.

Posuntha, nenani cholinga chanu mokweza: "Awa ndikuwaika kuseri kwa chipupa kuti thanki yanu isawaone, mukuvomereza?" Iye aweramire, ayang'ane, avomere. Akavomera nkhani yatha, ndime yotsatira sangadzanene kuti ndikuona chigongono cha mmodzi. Inunso mukaona kuti mnzanu waiwala lamulo lanu limene munamuuza poyamba, mukumbutseni. Kupambana chifukwa choti munthu sanadziwe chinthu chimene inu munabisa, anthu a masewerawa amakunyoza nako, ndipo sachedwa kuuzana. Mukasiyana maganizo pa lamulo, musakweze mawu. Tsegulani buku, likapanda kukuthandizani kwezani dzanja muitane woweruza. Ndiyo ntchito yake, ndipo kumuitana si kuneneza mnzanu kuba. Akagamula landirani, zodandaula mukanene masewera atatha.

Tiasilikali ta mwini musatigwire osapempha. Kamodzi kokha munthu amatha madzulo angapo akukapenta. Nyamulani guluu poti mikono imathyoka panjira, madzi akumwa, kachakudya, cholembera, ndi nsapato zofewa chifukwa muima tsiku lonse.

Amayi mwafunsa za mtengo, ndipo mwafunsa bwino. N'zodula. Bokosi limodzi la tiasilikali khumi limadya ndalama imene ambiri kuno sitiipeza pa sabata, ndipo gulu la mapointsi 2000 limafuna mabokosi ambiri. Sindingalangize mwana aliyense kugulitsa mbatata ya kachewere ya makolo chifukwa cha pulasitiki. Pali njira zopepuka. Kampani yomweyo ili ndi masewera aang'ono otchedwa Kill Team, a tiasilikali pafupifupi khumi mbali iliyonse. Pali One Page Rules, amene malamulo ake oyambira amapezeka ulere pa intaneti ndipo salamula kuti tizidole tikhale ta kampani iti. Palinso De Bellis Antiquitatis, amene anthu amangoti DBA, a nkhondo zamakedzana, amene anatuluka mu 1990. Gulu lililonse lili ndi tizidutswa 12 tokha, bwalo lake ndi la masentimita 60 mbali zonse, ndipo masewera amatha ola lisanakwane. Kwa mpikisano wanu woyamba ine ndingasankhe amenewa, chifukwa tebulo la m'kalasi likwanira ndipo pa tsiku limodzi aliyense asewera kangapo. Koma chenjerani, mu DBA mumapambana pogonjetsa tizidutswa tinayi ta mnzanu, osati pongogwira malo. N'chifukwa chake malamulo a mpikisano uliwonse muziwawerenga musanapite, osangodalira zimene munazolowera kwina.

Tiasilikali mutha kuumba ndi dothi, kusema ndi mtengo, kapena kujambula pa katoni n'kumata pa tizidutswa tofanana kukula. Anyamata amene mumapanga magalimoto a waya, ntchito iyi siyingakuvuteni. Mmodzi wa inu anandinong'oneza kuti akufuna kupanga gulu la Angoni a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu 1835. Magulu olembedwa mu DBA amathera cha m'ma 1500, choncho Angoni mulibe, koma pa mpikisano wanu okonza ndinu, mukhoza kugwirizana kuti zishango ndi nthungo zawo ziimire gulu lina la m'bukumo. Kungoti zopanga nokhazi musapite nazo ku mpikisano wa kunja musanafunse. Mipikisano ya Games Workshop imafuna tizidole ta kampaniyo, pamene okonza ena amalola ngati mwawatumiziratu chithunzi.

Masewera akatha lembani mapointsi nonse awiri, muwerengere limodzi, mukapereke kwa okonza, mugwirane chanza. Kenako mufunseni amene wakugonjetsaniyo kuti mukanakhala ine mukanachita chiyani pa ndime yachiwiri. Ambiri amabwezeretsa tiasilikali pamalo n'kukuonetsani, ndipo zimene akuuzenizo zilembeni musanapite patebulo lotsatira.

Atsikana, musangoima kumbuyoko, mayina anu alembedwenso. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi katoni, sizasi ndi rula. Amene muli ndi tepi ya mainchesi kunyumba, makamaka inu atelala ndi akalipentala, tibwerekeniko. Zikomo anyakwawa, zikomo nonse.