Msilikali amayamba ndi kuphunzira kugwa

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse. Inu anyamata ndi atsikana amene mitima ili ku usilikali, senderani kutsogolo kuno muone bwino.

Ambiri mukamva za kumenyana opanda chida mumaganiza za mateche ouluka a m'mavidiyo aja. Tayesani kutukula mwendo kufika pamutu pa munthu mutavala majombo, chipewa chachitsulo ndi chovala choteteza ku zipolopolo, pansi pali matope. Mugwa nokha asanakukhudzeni. Msilikali akagwiridwa ndi mdani, chimene akufuna ndi kudzimasula, kuimirira, mfuti ikhalebe yake. N'chifukwa chake asilikali a ku America, pokonzanso maphunziro awo kuyambira 1995 motsogozedwa ndi Matt Larsen wa gulu la Rangers, anayambira pa kulimbana anthu atagwetsana pansi.

Ndiye tiyambe ndi kugwa chagada. A judo, masewero amene Jigoro Kano anayambitsa ku Tokyo mu 1882, amakutcha ushiro ukemi. Njutani. Chibwano chigunde pachifuwa, maso ali pa lamba wanu. Msana upindike ngati uta, mugubudukire kumbuyo. Msana ukangokhudza pansi, menyani pansi ndi mikono yonse iwiri, zikhatho zitayang'ana pansi, mikono itatalikirana ndi nthiti pafupifupi madigiri 45, uku mukutulutsa mpweya. Chibwanocho musachinyozere: mukachimasula, nkhongo imakamenya pansi, ubongo n'kugwedezeka.

Chimene chimavulaza ambiri ndi kutsogoza dzanja mkono uli wowongoka. Thupi limachita lokha zimenezo, munthu asanaganize. Koma ngati mumalemera makilogalamu 70, onsewo amakathera pa mfundo ya dzanja. Pakapanda kuthyoka pamenepo, chigongono chimaguluka, kapena limathyoka fupa ili lochoka pakhosi kupita paphewa. Chizolowezi chimenechi chimachoka ndi kubwereza basi. Yambani mutakhala pansi, kakhumi. Zikakhazikika, chonjuta. Choimirira chibwere pomaliza, ndipo pakhale paudzu kapena pamchenga, osati pasimenti.

Mwagwa, mdani waima patsogolo panu. Musadzuke mutatsogoza mutu, mwampatsa nkhope kuti aikumanize ndi bondo. Khalani tsonga, dzanja lamanja litsamire pansi kumbuyo kwanu. Phazi lamanzere liponde pafupi ndi thako, bondo lili m'mwamba, mkono wamanzere utchinge nkhope. Nyamulani chiuno pa dzanja ndi phazi zimenezo, mukokere mwendo wamanja kumbuyo kudzera pansi pa thupi, ukaponde kuseri kwa dzanja lija. Mwaimirira mukubwerera m'mbuyo, maso sanachoke pa iye, ndipo papezeka mpata wotukulira mfuti.

Za chibakera, pang'ono chabe. Timafupa ta kuseri kwa dzanja n'tating'ono, chipumi n'cholimba. Zikakumana, kawirikawiri limathyoka fupa lotsika kuchokera ku chala chaching'ono, ndiye msilikali uja magazini a zipolopolo pamfuti asintha ndi chiyani? William Fairbairn, amene anali wapolisi ku Shanghai kuyambira 1907 mpaka 1940 kenako n'kukaphunzitsa makomando a Britain ku Scotland, ankaphunzitsa kumenya ndi tsinde la chikhatho, kuchokera pansi kulunjika kunsi kwa chibwano.

Makolo, apa mumvetsetse. Pali njira zokanyanga pakhosi zimene zimapana mitsempha iwiri ya m'mbali yopititsa magazi ku ubongo. Masekondi khumi okha akhoza kukwanira kuti munthu akomoke, ndipo wokanyangayo akapitiriza, ndi maliro. Pophunzira, wopanidwa amagogoda mnzake kapena pansi kawiri katatu, winayo n'kumasula nthawi yomweyo, popanda za "dikira pang'ono". Izi sizichitika popanda mphunzitsi ataima pomwepo. Mukaona ana akuyeserera kudambo, aletseni. Ndipo wina akagunda mutu, n'kuyamba kusanza, kuodzera kapena kufunsa funso limodzi mobwerezabwereza, musamupatse madzi n'kumubwezera m'bwalo. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano vulani mawotchi, ndolo ndi mphete, mutulutse makiyi ndi mafoni m'matumba. Tipite paudzupo awiriawiri, ofanana misinkhu, wina akugwa wina akuyang'ana chibwano cha mnzake.