Chinyezi m'maofesi a ku Dedza: gwero lake ndi njira zochichepetsera

Mukatsegula ofesi pa boma la Dedza Lolemba m'mawa m'mwezi wa Febuluwale, chimene chimayamba kukulandirani ndi fungo la chuku. Mapepala amamatirirana mu pulinta, mawaya omangira mafayilo amachita dzimbiri, ndipo mukasuntha kabati mumapeza khoma lachita madontho akuda.

Taganizirani botolo la madzi ozizira lomwe laikidwa patebulo. Madontho omwe akutsetsereka kunja kwake sakuchokera m'kati mwa botolo, akuchokera mu mpweya. Mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ungasunge magalamu pafupifupi 30 a nthunzi pamene kwatentha madigiri 30, koma ukazizira kufika madigiri 10 umangosunga magalamu 9, ndipo madzi otsalawo amatera pa chilichonse chozizira monga mame paudzu. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, choncho usiku malata, magalasi ndi makoma zimazizira kwambiri, moti madzi amene amadontha pa siling'i m'bandakucha nthawi zina sakhala a denga lothonya, amakhala thukuta la malata.

Musanagule makina alionse, gulani kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer, mukaike m'chipinda chosungiramo mafayilo ndi kulemba zomwe kakuonetsa m'mawa ndi masana kwa sabata imodzi. Muyezo wabwino ndi pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Ukakhala pamwamba pa 70 kwa masiku ambiri, chuku chimamera, ndipo antchito odwala mphumu ndi amene amayamba kuvutika.

Kenako zungulirani nyumbayo mvula ikugwa. Madzi a padenga akamagwera m'tsinde mwa khoma, njerwa zimawamwa ndi kuwakweza m'mwamba, makamaka ngati amisiri sanayale pepala lakuda la pulasitiki pa maziko. Chizindikiro chake ndi penti yofufuma ndi kusupuka m'munsi mwa khoma. Apa mankhwala ndi ngalande yabwino, osati penti ina.

Nkhani ya mawindo imafuna nzeru. Kuwatsegula nkhungu itakuta phiri la Dedza, kapena mvula ikuwaza, ndi kuitana chinyezi chomwe mukufuna kuthamangitsa. Atseguleni masana dzuwa likawomba, mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo idutse, ndipo makabati atalikirane pang'ono ndi khoma.

Ambiri amathamangira makina oziziritsa mpweya, koma kwa ine, ku Dedza ndi kutaya ndalama ngati cholinga chili kuumitsa chipinda. Makinawa amachotsa madzi pokhapokha akuziziritsa, ndipo kumalo kozizira kale amangolira mphindi zochepa n'kuzima asanachotse madzi okwanira. Akakhala aakulu kuposa chipindacho, vutoli limakula. Ku chigwa cha Bwanje ku Ntcheu, komwe kumatentha, angathandize. Kuno kumtunda, makina oyamwa chinyezi otchedwa dehumidifier ndiwo oyenera, chifukwa amaumitsa mpweya ndi kuutenthetsako pang'ono, bola zitseko ndi mawindo zikhale zotseka pamene akugwira ntchito, ndipo pakhale munthu wokhuthula thanki yake ikadzaza.

Denga likathonya kapena paipi ikaphulika, umitsani zonse zonyowa pasanathe maola 48. Kapeti kapena bolodi la siling'i lomwe lachita kale chuku lichotseni, chifukwa mukangolipaka penti madontho akuda aja amatulukanso.