Mmene Ndondomeko za Boma Zimasinthira Munda wa Chimanga wa Mlimi Wamng'ono

[Pa kanema: munda woungidwa mizere, mvula yoyamba isanagwe.]

Takulandirani, owonera athu. Mlimi wamng'ono wa chimanga amamanga mfundo zake zikuluzikulu mvula isanagwe. Nthawi imeneyo ndi pamene amasankha mbewu yoti abzale, malo oti apatse chimanga, ndiponso ngati atenge ngongole ya feteleza kapena ayi, koma amatero asakudziwa mmene mvula idzagwere, komanso asakudziwa ngati boma lidzasunge zimene lalonjeza pa zipangizo ndi pa msika. Boma likhoza kusintha ndondomeko yake pa msonkhano umodzi wa nduna, pamene mbewu, nthaka ndi luso la mlimi zimatenga zaka kuti zisinthe, ndipo zikasintha sizibwerera msanga mwakale ngakhale ndondomekoyo itathetsedwa.

Tiyambire ku Zimbabwe. Mu 1931 boma la atsamunda la Southern Rhodesia linakhazikitsa lamulo loyendetsera malonda a chimanga, limene linateteza alimi achizungu a minda ikuluikulu ndi kusiya alimi achikuda akulandira mtengo wotsika. Kafukufuku wa mbewu nayenso anatsata njira yomweyo, moti SR52, chimanga cha haibulidi chotchuka chimene chinatulutsidwa mu 1960, chinali choyenera minda ya mvula yambiri ndi feteleza wokwanira. Mbewu zocha msanga monga R200 ndi R201 zinabwera pambuyo pake. Dziko litalandira ufulu mu 1980, boma latsopano linatsegula misika ya bungwe la boma logula zokolola la Grain Marketing Board m'madera akumidzi, linapereka ngongole ndi kukweza mtengo wogulira, ndipo m'zaka zochepa chimanga cha alimi ang'onoang'ono chinawirikiza kawiri. Mbewu yabwino inalipo kale. Chimene chinkasowa ndi msika wapafupi ndi ngongole.

[Pa kanema: mapu a Zambia, chigawo chakumpoto chikuonekera.]

Nkhani ya Zambia ndi yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa imaonetsa ulendo wonse, kupita ndi kubwerera komwe. Boma la Kenneth Kaunda linakhazikitsa bungwe logula zokolola la NAMBOARD mu 1969, ndipo m'zaka za m'ma 1970 linayamba kugula chimanga pa mtengo umodzi m'dziko lonse. Izi zikutanthauza kuti mlimi wokhala kutali kwambiri ndi njanji ankalandira ndalama zofanana ndi mlimi wa pafupi ndi Lusaka, ndipo mtengo wonyamulira matumba pa misewu yoipa unkalipidwa ndi boma kuchokera ku ndalama za kopa. Kumpoto kwa dzikolo anthu anali ndi ulimi wawo wa chitemene, wodula nthambi za mitengo, kuziunjika, kuzitentha ndi kubzala mawere paphulusa, kenaka chinangwa. Ataona kuti feteleza akubwera pa ngongole ndipo wogula alipo chaka chilichonse, ambiri anayamba kulima chimanga cha haibulidi pamalo amodzi chaka ndi chaka.

Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, boma linayamba kulephera kulipira zonsezi, ndipo World Bank ndi IMF zinkaumirira kuti thandizo lichotsedwe. Boma litakweza mtengo wa ufa mu Disembala 1986, kunabuka zipolowe ku Copperbelt, chigawo cha migodi ya kopa, ndipo Kaunda anabweza mfundoyo. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, kenaka boma limene linalowa mu 1991 linasiyira amalonda msika wa chimanga. Wamalonda sapita ndi lole kumene mafuta angamudyere phindu lonse, choncho alimi akutali anatsala ndi chimanga chopanda wogula ndi feteleza wosafikirika. Ambiri anabwerera ku chinangwa, mtedza ndi mbatata, koma anabwerera pa nthaka ina, pakuti feteleza wa nayitirojeni wothiridwa zaka zambiri popanda laimu kapena manyowa amawonjezera asidi m'nthaka, ndipo nthaka ya kumpotoko inali ya asidi kale. Boma linabwereranso pamsika kudzera mu bungwe logula ndi kusunga chakudya la Food Reserve Agency chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2002 linayambanso kupereka feteleza wotsika mtengo.

[Pa kanema: njere ziwiri za chimanga pafupi, ina yolimba yonyezimira, ina yofewa yolowa pamutu.]

Ku Malawi vuto linayambira pa njere yeniyeniyo. Kwa zaka zambiri alangizi ankalimbikitsa haibulidi wa njere zofewa chifukwa amabereka kwambiri, pamene alimi ankakakamira chimanga chamakolo cha njere zolimba, ndipo akuluakulu ena ankati n'kusamva chabe. Kunena zoona alimiwo ankawerengera bwino kuposa owaweruzawo. Njere yofewa imaphwanyika poikonola, ufa wambiri n'kupita ndi gaga, komanso anankafumbwe amaiboola msanga m'nkhokwe, moti matumba owonjezera a m'munda ankathera pakati pa kukolola ndi kudya. Ofufuza atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu za haibulidi zokonoleka bwino, alimi anazilandira mofulumira. Tsoka lake n'lakuti zinafika pa nthawi imene ngongole za alimi zinkagwa kutsatira chilala cha 1992, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1990 thandizo la feteleza linachotsedwa, kwacha n'kutsika mphamvu. Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Wobzala haibulidi ayenera kugula mbewu yatsopano chaka chilichonse, chifukwa yobwereza imachepa mphamvu, ndipo ayeneranso kupeza feteleza wokulitsa ndi wobereketsa.

Kuyambira pamenepo ndondomeko zakhala zikusinthasintha. Mu 1998 kunabwera Starter Pack, phukusi laulere la makilogalamu 15 a feteleza, 2 a mbewu ya chimanga ndi mbewu pang'ono ya mtundu wa nyemba, lokwanira kachigawo kochepa ka munda, ndipo linafikira pafupifupi banja lililonse laulimi. Patangopita zaka ziwiri linachepetsedwa kuti lizipita kwa osankhidwa okha, ndipo njala ya 2002 inapeza anthu ali choncho. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50, ngakhale ena mwa mayiko ndi mabungwe othandiza sanagwirizane nazo. Zokolola zinakwera, mvula nayonso inagwa bwino m'zaka zotsatira, koma mtengo wa feteleza utakwera pa dziko lonse m'chaka cha 2008/09, ndondomekoyi inadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse ya dziko. Mu 2020 inasinthidwa kukhala AIP (Affordable Inputs Programme) n'kufikira mabanja oposa 3 miliyoni, kenaka chiwerengerocho chinayamba kuchepetsedwa.

[Pa kanema: dzanja likuthira feteleza ndi chitsekerero cha botolo pambali pa phesi.]

Tiyeni tsopano tilowe m'munda momwemo kuti tione tanthauzo la kusinthasinthaku. Feteleza wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chitangomera, ndipo wobereketsa amafunika patapita milungu itatu kapena inayi. Thumba likafika chimanga chitamasula ngayaye, kulemera kwake n'komweko ndipo boma lalipira ndalama zomwezo, koma phindu lake latsika kwambiri, masamba am'munsi atachita kale chikasu. Mlimi wosadziwa ngati dzina lake lili pa mndandanda wa chaka chino amachedwa kugula feteleza wake, chifukwa sangagule pa mtengo wonse chinthu chimene mwina alandira motsika mtengo mawa. Wina akalandira thumba limodzi amagawana ndi abale ake, n'kumwaza pang'onopang'ono munda wonse. Kuwonjezera apo, feteleza amabweza zochepa pa nthaka yoguga imene yalimidwa chimanga chokhachokha popanda kasinthasintha ndi nandolo, mtedza kapena soya, ndipo pa nthaka yotere ndi pamene kaufiti amakondwa. M'maganizo athu, apa ndi pamene ndondomeko za feteleza zimalakwitsa kwambiri, chifukwa zikameza gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi, alangizi, kafukufuku ndi ulimi wothirira zimatsala ndi zochepa, chikhalirecho izi ndi zimene zimachititsa kuti thumba lomwelo libereke zambiri.

Mbali ya msika nayonso imasokoneza chimodzimodzi. Maboma a Malawi ndi Zambia akhala akuletsa kugulitsa chimanga kunja pofuna kuti chakudya chisakwere mtengo, koma chiletso chikapitirira m'chaka cha zokolola zambiri, mtengo umagwa pa nthawi imene mlimi akufuna ndalama zobwezera ngongole. Chaka chotsatira amene angathe amachepetsa chimanga n'kupatsa malo mbewu zina. Apa tikumbukirenso kuti mabanja ambiri olima chimanga amagulanso chimanga miyezi yanjala, moti mtengo wokwera umapindulitsa ochepa okhala ndi chotsala n'kupweteka anansi awo.

[Pa kanema: zisononkho za mitundu yosiyanasiyana za ku Mexico.]

Ku Mexico, kumene chimanga chinayambira kulimidwa zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, alimi anayankha mwanjira ina. Mgwirizano wa zamalonda wa NAFTA, wa pakati pa Mexico, United States ndi Canada, utayamba mu 1994, chimanga chotsika mtengo cha ku United States chinalowa chambiri, boma linayamba kulipira alimi molingana ndi kukula kwa munda kudzera mu ndondomeko ya PROCAMPO, ndipo bungwe logula zokolola la CONASUPO linatsekedwa mu 1999. Akatswiri ambiri ankayembekezera kuti alimi ang'onoang'ono asiya chimanga. Anthu ochuluka anasamukadi kukafuna ntchito m'mizinda ndi ku United States, koma mabanja otsala anapitiriza kubzala mbewu zamakolo zimene amasunga okha, mosakaniza ndi nyemba ndi maungu, nthawi zambiri mothandizidwa ndi ndalama zotumizidwa ndi abale awo osamukawo. Popeza mbewu sankagula ndipo zokolola zambiri zinali zodya pakhomo, kutsika kwa mtengo sikunawachotse m'munda monga mmene owerengera ankaganizira. Mu 2019 boma la Andrés Manuel López Obrador linabwezeretsa mtengo wotsimikizika wogulira chimanga kwa alimi ang'onoang'ono, patapita zaka 20 CONASUPO itatsekedwa.