Sayiti ya pisito yakale ikugwedera? Musathamangire kowotcherera

Takulandiraninso, abale ndi alongo, kuno ku Kasungu. Lero patebulo pali pisito yakale, ndipo vuto lake ndi kachitsulo aka kali kumapeto kwa mpope, sayiti yakutsogolo, kamene mumayang'anirapo polozetsa mfuti. Ndiyandikitse kamera. Mwaona? Ndikangokakhudza ndi chala kakusunthira uku ndi uku. Khalani nane mpaka kumapeto, chifukwa pali bodza limodzi limene lawononga mfuti zabwino zambiri, ndipo lero ndithana nalo.

Ziwiri mwachangu tisanayambe. Mfuti ikhale ya laisensi. Ngati mwaipeza m'bokosi la malemu agogo mulibe mapepala, ulendo woyamba ndi wa kupolisi, zokonza pambuyo. Chachiwiri, chotsani zipolopolo zonse, suzumirani m'kati ndi maso anu kawiri, zipolopolozo mukasiye chipinda china. Tatha, tipitirire.

Mwina wina akuti, kugwedera pang'ono chabe kuli ndi vuto lanji? Tiwerengere limodzi. Pa Colt M1911, kuchokera pa sayiti yakumbuyo kufika yakutsogolo ndi pafupifupi masentimita 16. Kachitsulo aka kakasuntha milimita imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 25 chipolopolo chiphonya ndi masentimita pafupifupi 15. Milimita imodzi! Ndiye kakamagwedera, chipolopolo chilichonse chimapita kwake.

Sitepe 1. Dziwani mmene sayiti yanu inamangidwira, popeza sizifanana. Luger P08 ya ku Germany, sayiti yake imalowa cham'mbali m'kampata kotambalala pansi, kopanikiza pamwamba, kamene amisiri amati dovetail. Colt M1911, imene anaipanga John Browning ndipo asilikali a ku America anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1911, sayiti yake ili ndi kamwendo kolowa m'kabowo ka silayidi, chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikawomba, kenako amakaphwatalitsa m'kati ngati riveti. Webley Mk VI ya ku Birmingham, ya mu 1915, imene inkanyamulidwa ndi akuluakulu a asilikali a Britain, sayiti yake ndi kachitsulo kopyapyala ngati kampeni, kamakhala m'kampata ndipo kamagwidwa ndi kasikulu kam'mbali. Mitundu itatu, makonzedwe atatu.

Sitepe 2. Tsukani. Mafuta akale ndi fumbi zimabisa vuto. Sipiriti, kaburashi ka mano kotha ntchito, pukutani, dikirani ziume.

Tsopano tiime kaye, tifike pa bodza lija. Anthu amati: "Chitsulo chikagwedera, mankhwala ake n'kuwotcherera. Kadontho kamodzi basi, chagwira mpaka kale." Ayi, abale anga, ayi! Ndipo ndisanapitirire, owotcherera athu ndimawalemekeza. Pitani m'mbali mwa msewu wa M1 pano pa tawuni mukaone mageti, mafelemu a mawindo, ngolo za ng'ombe zimene amapanga. Ndi akatswiri pa ntchito yawo. Koma pisito si geti.

Mverani chifukwa chake. Chitsulo cha mfuti anachikhwimitsa ndi moto kufakitale, mwa muyezo wake, kuti chipirire kuphulika kwa wonga. Chitsulo chokhwimitsidwa chimayamba kusintha chikangodutsa madigiri 200 okha. Mumachiona ndi maso: chimayamba mtundu wa udzu wouma, kenako chofiirira, pofika cha m'ma 300 chasanduka chabuluu. Nanga kuti ndodo yowotcherera isungunule chitsulo pamafunika kutentha kotani? Kuposa madigiri 1,400. Ndiye ganizirani moto umenewo pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo, kokhala pamwamba pa mpope wopyapyala. Kamasungunuka musanaphethire. Mbali yozungulira kadonthoko imafewa, ina imauma gwa n'kukhala yosachedwa kung'aluka, ndipo mng'alu wotere suoneka lero. Umadzaonekera tsiku lowombera, mfuti ili m'manja mwanu, nkhope yanu ili kumbuyo kwake.

Sizinathere pomwepo. Pa Webley ndi pa Luger, sayiti ili pa mpope weniweniwo, pafupi ndi kukamwa kumene chipolopolo chimatulukira. Kukamwa kumeneko kukapindika ngakhale pang'ono, kapena kachitsulo kosungunuka kakadonthera m'kati, mfutiyo siidzalozanso bwino. Ndiye pali khungu lakuda lija la kufakitale, limene limateteza ku dzimbiri. Moto umalipsereza, pamatsala chipsera, ndipo mvula ya Januwale ikangoyamba dzimbiri limayambira pomwepo. Mfuti yakhala zaka 100 ili bwinobwino, yawonongeka m'masekondi asanu. Zimandipweteka mtima kwambiri.

Ndipo chomaliza pa bodzali, chimene anthu saganizira n'komwe: mukawotcherera, sayiti yaima pamene yaimapo. Ngati yaima mopendekera kumanzere, ndi momwemo mpaka kalekale. Dovetail anaipanga dala kuti muzitha kuisuntha pokonza kalozedwe. Mwaiwotcherera, mwapha ntchito yake.

Wina alemba mu ndemanga kuti, "Koma amisiri a mfuti amagwiritsa ntchito moto." Zoona, pa sayiti zina amamatira ndi solida ya siliva. Koma imeneyo siisungunula chitsulo cha mfuti, imangoyenderera pakati, ndipo mmisiri amateteza mbali zina kuti zisatenthe. Ndi ntchito ina, ya munthu amene anaiphunzira. Supagulu nayenso musiyeni. Akauma amakhala wophweka kusweka, sagwira pa mafuta, ndipo kugunda kwa mfuti kumamuthothola msanga.

Ngati mwaphunzirapo kanthu kufika apa, dinani subscribe ndi kabelu kaja, ndipo vidiyoyi itumizeni pa WhatsApp kwa mnzanu amene ali kale pa njinga kupita kowotcherera. Mwina mum'peza asanafike.

Sitepe 3, kukonza kwenikweni. Tiyambe ndi yosavuta, ya sikulu. Pezani sikuludiraiva yokwana ndendende m'kamzere ka sikuluyo. Yaing'ono imatafuna mutu wa sikulu, ndipo sikulu ya Webley simukaipeza m'hadiweya ya pa msika. Masulani, tsukani, ikani kadontho ka guluu wa masikulu wotchedwa Loctite, yabuluu, nambala 242 kapena 243, mangani. Yofiira ayi, imeneyo pomasula imafuna moto. Siyani maola 24 kuti igwire.

Ya dovetail ndiye imafuna mtima wodekha. Panani mfuti m'vaisi, chopanira zitsulo cha patebulo, koma mutaika chikopa kapena timatabwa mbali zonse kuti mano a vaisi asalume chitsulo. Musanachotse kalikonse, lembani kamzere ndi pensulo kuti mudziwe pamene sayiti inali. Kenako tengani kandodo ka mkuwa ndi kahamala kakang'ono. Mkuwa, osati msomali, osati chitsulo, chifukwa mkuwa ndi wofewa, umaphwanyika wokha m'malo mwa mfuti. Gogodani pang'onopang'ono sayiti ituluke. Mipata ina ndi yopanikiza mbali imodzi, ndiye ikakana musalimbane nayo, yesani mbali inayo.

Yatuluka. Itembenuzeni, muone pansi pake. Ndiyandikitsenso kamera: apa pakunyezimira ndi pamene pakhala pakukhuzana zaka zonsezi. Tengani panchi, kachitsulo kosongoka kogogodera, mugogode timaenje tiwiri kapena titatu pansi pomwepa. Kaenje kalikonse kamatukula chitsulo m'mbali mwake, sayiti n'kunenepa pang'ono. Mwamva? Tikugogoda sayiti, osati mfuti. Sayiti ikawonongeka ina ipezeka kapena ipangidwa, koma mpata wa pa mpope ukawonongeka palibe kubweza. Yesani kulowetsa. Ilowe ndi chala pafupifupi theka, kotsalako ndi kahamala. Ikalowa yonse ndi chala, onjezani kaenje kena. Mpata ukakhala waukulu kwambiri, kachidutswa kopyapyala ka mkuwa pansi pake kamathandiza.

Ya M1911 ndinena mosabisa: kamwendo kaja kamafuna chida chake chophwatalitsira m'kati mwa silayidi, ndi chogwirizira sayiti kuti isaphwanyike pamwamba. Mulibe zida zimenezo, pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka. Kumenya ndi hamala pamwamba kumangofupikitsa sayiti, mfuti n'kuyamba kumenya m'mwamba.

Sitepe 4. Kuyesa, pamalo ovomerezeka owombera, osati kuseri kwa nyumba kapena kumunda kwa fodya. Ndipo mfuti imene yagona zaka zambiri iyambe yaonedwa ndi mmisiri musanaikemo chipolopolo. Lamulo la sayiti yakutsogolo ndi ili, lembani penapake: imapita mbali yosiyana ndi kumene mukufuna chipolopolo chipite. Zipolopolo zikugwera kumanzere, mukufuna zibwere kumanja, sayiti isunthireni kumanzere. Pang'ono pokha, kumbukirani masamu aja a milimita imodzi. Mukakhutira, kadontho ka Loctite m'mphepete mwa mpata, pukutani yotsala, pakani mafuta pang'ono.

Lembani mu ndemanga mtundu wa pisito imene muli nayo ndi mmene sayiti yake inamangidwira, ndiyankha aliyense. Vidiyo yotsatira tikamba za kuchotsa dzimbiri popanda kupala khungu lakuda lija, ndipo amene mumakonda sandipepa mubwere ndithu, tili ndi nkhani. Zikomo, tionana.