Tsiku limodzi kuchokera mu Cairo: kakonzedwe ka ulendo wanuwanu wokaona mapiramidi

[Pa sikirini: msewu wa mu Cairo m'mamawa, magalimoto angoyamba kuchuluka]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tikulankhula ndi inu amene muli ndi tsiku limodzi lokha lopuma mu Cairo, kaya mwapitira msonkhano kaya maphunziro, ndipo mukufuna kulipira galimoto yanuyanu, dalaivala ndi gayidi kuti akakuonetseni mapiramidi. Ulendo wotere amautsatsa paliponse: pa hotela, pa intaneti, ngakhale pamsewu. Malonjezo ake ndi amodzimodzi. Chimene chimasiyanitsa ulendo wabwino ndi wongotayitsa ndalama ndi kagwiritsidwe ntchito ka nthawi. Malo akalewa amatsekedwa cha m'ma 4 kapena 5 koloko madzulo. Mukanyamuka 7 koloko muli ndi maola 9, ndipo pafupifupi maola 3 athera mumsewu. Otsalawo ndi amene mukuwagula.

[Pa sikirini: mapu, mtsinje wa Nile ndi madontho anayi kumadzulo kwake]

Malo amene makampani ambiri amaika pa ulendo umodzi ndi anayi, onse ali kumadzulo kwa Nile, pamene minda imathera ndipo chipululu chimayambira. Giza ili pa mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera pakati pa mzinda. Saqqara ili makilomita pafupifupi 30 kummwera, Dahshur makilomita pafupifupi 40. Memphis, lomwe linali likulu la mafarao, lero ndi mudzi wotchedwa Mit Rahina, pafupi ndi Saqqara. Bungwe la UNESCO linaika malo onsewa pamodzi pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1979.

Tinene poyambirira pomwe: Memphis mukhoza kuisiya. Kuli chifaniziro chachikulu cha mfumu Ramesses II chogona chagada, chotalika mamita pafupifupi 10, ndi sphinx, chifaniziro cha thupi la mkango ndi mutu wa munthu, wa mwala wa alabaster. Zonse mumaziona m'mphindi 30. Ngati nthawi yavuta, chotsani pamenepo.

Funso lalikulu ndi loti muyambira kuti. Ambiri amayambira ku Giza chifukwa ndi pafupi, ndiponso Sphinx wamkulu wa kumeneko amayang'ana kummawa, choncho nkhope yake imaoneka bwino pa chithunzi dzuwa likadali kumeneko. Masana dzuwa limakhala kumbuyo kwake ndipo nkhope imada. Ngati mwadzera zithunzi, yambirani ku Giza. Koma ngati mukufuna kumvetsa zimene mukuona, ife timati yambani ndi Saqqara, kenako Dahshur, mumalizire ku Giza. Umu ndi mmene omangawo anaphunzirira ntchito yawo, ndipo mumaona kulakwitsa kwawo musanaone chipambano chawo.

[Pa sikirini: piramidi ya masitepe ku Saqqara]

Ku Saqqara kuli piramidi ya mfumu Djoser, yomangidwa cha m'ma 2650 BC. Mafumu asanafike pamenepa ankaikidwa m'manda a njerwa zadothi, afulati pamwamba, otchedwa mastaba. Mmisiri wa Djoser, Imhotep, anasanjikiza mamastaba 6 a mwala, lililonse locheperapo kuposa lapansi pake, mpaka kutalika mamita pafupifupi 60. Inatsegulidwanso mu 2020 itakonzedwa kwa zaka 14.

Alendo ambiri amajambula piramidiyi n'kubwerera m'galimoto. Pamenepo ndiye gayidi waulesi wakudyerani masuku pamutu, chifukwa zokoma za Saqqara zili pansi. Muuzeni akulowetseni mu piramidi ya Unas kapena ya Teti. Kunja kwake zimaoneka ngati milu ya miyala yogumuka, koma makoma a zipinda zamkati ndi olembedwa kuyambira pansi mpaka pamwamba. Za mu Unas ndi zolemba zakale kwambiri zopezeka mu piramidi, mapemphero otsogolera mfumu ku moyo wina, ndipo denga lake ndi lojambulidwa nyenyezi. Ya Unas sikhala yotsegula tsiku lonse nthawi zonse, n'chifukwa chake kufika m'mawa kumathandiza. Pafupi ndi Teti pali manda a Mereruka ndi a Kagemni, nduna za mfumu, ndipo m'makoma mwake muli asodzi, mvuu, ng'ona, abusa akuwolotsa ng'ombe pamadzi. Munthu wokulira kumudzi amazindikira ntchito zimenezi asanafotokozeredwe.

Chomaliza ndi Serapeum, njira zapansi pa nthaka kumene ankaika ng'ombe zopatulika za Apis. Auguste Mariette, katswiri wa zinthu zakale wa ku France, anazifukula cha m'ma 1850. Mabokosi ake ndi a mwala wolimba, lililonse lolemera matani makumimakumi, ndipo munthu ataimirira mkati mwake saoneka. Serapeum ili ndi tikiti yakeyake, chimodzimodzinso kulowa mkati mwa piramidi ya Djoser. Saqqara yonse ipatseni maola 2, osachepera.

[Pa sikirini: piramidi yopindika ku Dahshur, kenako yofiira]

Dahshur ili mphindi 20 kapena 30 kuchokera ku Saqqara, ndipo mabasi akuluakulu a alendo safikako kawirikawiri. Mapiramidi awiri akuluakulu a kuno ndi a mfumu imodzi, Sneferu, bambo ake a Khufu, mwini piramidi yaikulu ya ku Giza. Yoyamba anaiyamba motsetsereka kwambiri, madigiri 54. Ili pakati pomangidwa anasintha n'kuika madigiri 43, ndiye inatuluka yopindika monga mukuionera apa. Akatswiri ambiri amati miyala inayamba kung'aluka chifukwa cha kulemera, omangawo n'kuchepetsa katundu wa pamwamba. Yachiwiri, yofiira ija, anaimanga pa madigiri 43 kuyambira pansi. Inaima bwinobwino, mamita pafupifupi 105, ndipo ndiyo piramidi yoyamba ya mbali zosalala imene inatheka.

Kulowa mu yofiira n'kumene kumafuna kuganizira thupi lanu. Mumakwera masitepe mpaka pakhomo lomwe lili pamwamba ndithu, kenako mumatsika kanjira kotalika mamita opitirira 60, kotsetsereka, denga lake pafupifupi mita imodzi. Mumayenda chowerama njira yonse, ndipo ambiri amaona kuti kutsika cham'mbuyo, ngati pa makwerero, kumapepuka. Pansi pali zipinda zitatu za madenga otalika, opanikizika kumka kumwamba. Mpweya wake ndi wotentha ndipo umanunkha ngati mkodzo wa mileme. Ntchafu zimawawa masiku awiri, tisakunamizeni. Amene ali ndi vuto la mawondo, msana, mtima, mphumu, kapena amabanika m'malo opanikizika, aonere kunja. Yopindika ija inatsegulidwa kwa alendo mu 2019, kanjira kake ndi kotalikirapo, mamita 79, ndipo ndi kovutirapo. Sankhani imodzi. Mukalowa zonse ziwiri mukafika ku Giza miyendo ili zii.

[Pa sikirini: mapiramidi atatu a Giza]

Yesetsani kukhala muli ku Giza 1:30 isanakwane. Kuyambira mu 2025 alendo ambiri amalowera pa chipata chatsopano cha ku msewu wa Fayoum, ndipo mkati amayenda pa mabasi a pamalopo, galimoto yanu imatsala kunja. Zimenezi zimadya nthawi, ndiye mufunse gayidi usiku wake kuti mukalowera kuti ndipo dalaivala akakudikirani kuti.

Piramidi ya Khufu inamalizidwa cha m'ma 2560 BC. Inali yotalika mamita 146, lero yatsala pafupifupi 138 chifukwa nsonga ndi miyala yoyera yokutira kunja zinachoka. Miyala yake akuti ilipo pafupifupi 2.3 miliyoni. Ya mwana wake Khafre imaoneka yaitali kuposa, koma ndi chifukwa chakuti inamangidwa pamalo okwera, ndipo ndi yokhayo imene yasunga miyala yokutira pansonga. Ya Menkaure ndi yaing'ono kwambiri pa zitatuzi. Sphinx, wotalika mamita 73 m'litali ndi 20 kumka kumwamba, anasemedwa pa thanthwe lomwe linali pomwepo, ndipo mumamufikira podutsa m'kachisi wa Khafre wa miyala ya granite yochokera ku Aswan, makilomita oposa 800 kummwera.

Kulowa mkati mwa ya Khufu kuli ndi tikiti yapadera, yodula kuposa yolowera pachipata. Mumayamba chowerama, kenako mumatulukira mu mpita waukulu wotalika mamita 47, denga lake mamita oposa 8, mpaka m'chipinda cha mfumu. M'chipindamo muli bokosi la mwala lopanda chivundikiro, lopanda kanthu. Palibe zojambula, palibe golide. Ambiri amatuluka atakhumudwa chifukwa palibe anawauza. Ngati mwalowa kale mu yofiira ku Dahshur ndipo mwaona zolemba za Unas, ndalama imeneyi mukhoza kuisunga. Dziwaninso kuti gayidi nthawi zambiri salowa nanu, amafotokoza panja n'kukudikirani.

Pali funso limodzi loyesera gayidi: anamanga ndani? Wodziwa ntchito adzakuuzani za manda a antchito amene anapezeka ku Giza komweko mu 1990, ndi mudzi wawo momwe munali malo ophikira buledi. Adzatchula zolemba za kapitawo wina, Merer, zopezeka ku Wadi al-Jarf mu 2013, zosimba mmene gulu lake linkanyamulira miyala yoyera pa mabwato kuchokera ku Tura, tsidya lina la Nile. Ena a ife tinakula tikuganiza kuti anamanga ndi Aisraeli. Buku la Eksodo limanena za kuumba njerwa ndi kumanga mizinda ya Pitomu ndi Ramesesi, silitchula mapiramidi. Gayidi akayamba kukuuzani za zolengedwa zochokera kuthambo, dziwani kuti mwalipira wokamba nthano.

[Pa sikirini: uthenga wa pa WhatsApp wosonyeza ndondomeko ya tsiku]

Tsopano zokambirana musanalipire. Zonse zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp.

Dalaivala ndi gayidi akhale anthu awiri. Mitengo ina yotsika kwambiri ndi ya dalaivala yekha wolankhula Chingerezi pang'ono, amene amakutulani pachipata basi. Gayidi weniweni amakhala ndi chiphaso cha unduna woona za zokopa alendo ndi zinthu zakale, ndipo kumufunsa kuti akuonetseni si mwano. Mufunsenso ngati galimotoyo ndi yanu nokha, chifukwa ena amati ulendo ndi wanuwanu koma m'mawa mumapeza anthu ena ali kale m'kati, n'kutha ola mukuzungulira mahotela.

Matikiti. Akakuuzani kuti matikiti ali momwemo, funsani kuti ati. Kawirikawiri amatanthauza a pachipata okha. Serapeum ndi mkati mwa Khufu mumalipira nokha. Pa malo ambiri akale mu Egypt tsopano amalandira khadi la ku banki, osati ndalama za m'manja, ndiye musanachoke kwanu auzeni a banki atsegule khadi lanu kuti ligwire ntchito kunja. Ophunzira okhala ndi khadi lovomerezeka la padziko lonse amalipira theka.

Ndiye pali masitolo. Apa ndi pamene maola amasowera. M'njira ya ku Saqqara muli malo oluka makalipeti, ku Giza kuli ogulitsa mapepala a gumbwa ndi mafuta onunkhira. Amawatcha masukulu kapena nyumba zosungira zinthu zakale, amakupatsani tiyi, koma ndi masitolo, ndipo amene wakubweretsani amalandira komishoni pa zimene mwagula. Kuima katatu, mphindi 40 paliponse, ndi maola 2, Dahshur yonse yapita. Ulendo ukakhala wotchipa modabwitsa, ndalama yawo akuyembekezera kuipeza kumeneko. Lembani mu uthenga wanu kuti simukufuna kuima pa sitolo iliyonse, ndipo mubwerezenso m'galimoto musananyamuke. Chakudya chamasana nachonso chisapitirire mphindi 30. Koshari, mpunga wosakaniza ndi mphodza, pasitala, tomato ndi anyezi wokazinga, amakhutitsa ndipo sachedwetsa.

Ngamila. Nenererani musanakwere, ndipo mtengo ukhale womveka: wa munthu mmodzi kapena wa nonse, wa mphindi zingati, wopita ndi kubwerera, m'mapaundi a ku Egypt osati a ku Britain. Lipirani mutatsika. Ngamila podzuka imayamba ndi miyendo yakumbuyo, ndiye tsamirani kumbuyo, gwirani chishalo. Munthu akakuvekani mpango kumutu kapena kukupatsani kanthu n'kunena kuti ndi mphatso, pamapeto pake afuna ndalama. Mawu ake ndi awiri: la, shukran. Kutanthauza ayi, zikomo. Nenani mukuyenda.

Komabe kangachepe, kamene iwo amati baksheesh, ndi khalidwe la kumeneko. Mlonda wa manda, wosamalira chimbudzi, dalaivala, gayidi, onse amayembekezera. Sinthiranitu ndalama zing'onozing'ono ku hotela, muziike m'thumba lina, kuti musamatulutse chikwama chonse pagulu.

[Pa sikirini: kalendala]

Nyengo yabwino ndi kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Juni mpaka Ogasiti kumatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala, madigiri 35 ndi kupitirira, ndipo m'chipululu mulibe mtengo wobisalapo. Munthu aliyense anyamule madzi malita 2, chipewa, ndi nsapato zotseka zosaterera. Pakati pa Malichi ndi Meyi kumabwera mphepo yafumbi yotchedwa khamsin, imene imatha kubisa piramidi muli pafupi nayo. Lachisanu m'mawa misewu imakhala yopanda magalimoto ambiri, koma Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku opuma ku Egypt, ndiye ku Giza masana kumadzaza mabanja a komweko. M'mwezi wa Ramadan malo amatsekedwa msanga, ndipo ola loti anthu amasule lisanakwane aliyense amathamangira kunyumba.

Ena adzakuuzani kuti aonjezerapo Grand Egyptian Museum, nyumba yaikulu yosungira zinthu zakale, tsiku lomwelo, poti ili pafupi ndi mapiramidi a Giza. Musavomere. Inatsegulidwa yonse mu Novembala 2025, muli katundu wa m'manda a mfumu Tutankhamun ndi bwato la Khufu limene linasamutsidwirako mu 2021, ndipo payokha imafuna maola 3 kapena 4. Ngati tsiku ndi limodzi ndipo simungathe kuisiya, pangani Giza m'mawa, museum masana, Saqqara ndi Dahshur muziiwale. Alexandria ndi ulendo wina: makilomita oposa 200, maola pafupifupi 3 kupita ndi 3 kubwerera, ndipo ngati ndege yanu inyamuka usiku womwewo, musauyese.