Kukoka ndi kusenza n'zosiyana: nkhani ya matayala a kumbuyo

Moni nonse amene mukundimvera, kaya muli ku Area 25, ku Ndirande, ku Joni, kapena kuno ku America konkuno. Mukamva phokoso ngati wina akugwedeza malata, musadabwe, ndi mphepo imeneyo. Ndili ku Laramie, m'chigawo cha Wyoming, ndipo ndakhala pano chiyambire m'mawa. Msewu wa I-80 wolowera ku Rawlins autseka kwa ife amene timakoka zinthu zazitali koma zopepuka, chifukwa mphepo ya cha ku Elk Mountain ikakwiya imagwetsa ngolo ngati dengu lopanda kanthu. Ndiye poti ndangokhala, ndati ndiyankhe funso la achimwene ena a kwathu ku Kasungu amene ali ku Dallas. Anandilembera kuti atopa ndi ntchito yosamalira okalamba, asunga kangachepe, akufuna kuyamba ntchito ngati yangayi. Funso lawo n'lakuti: ndigule pikapu ya matayala awiri kumbuyo, kapena ya anayi ija amati dually?

Ndiyambe ndauza atsopano zimene ndimachita. Ndimakhala ku South Bend, Indiana, kumene Amalawi tilipo ochuluka ndithu, moti kumva Chichewa m'sitolo si chachilendo. Chakum'mawa pang'ono kuli Elkhart, Goshen ndi Middlebury, ndipo kumeneko n'kumene amapanga zambiri mwa nyumba zoyenda za m'dziko muno, zimene eni ake amati RV. Makampani ngati Forest River, Keystone, Jayco ndi Grand Design ali m'dera limeneli. Chimene chimandiseketsa mpaka lero n'chakuti ambiri mwa amene amakhoma nyumbazi ndi a mpingo wa Amish, anthu amene sayendetsa galimoto. Munthu wabwera ku fakitale pa njinga, kwawo amayendera ngolo ya hatchi, koma tsiku lonse akupanga nyumba yokhala ndi firiji, bafa ndi ma TV awiri. Ikatha, pamafunika wina woikoka kukaisiya kwa ogulitsa ku Texas, ku Oregon kapena ku Canada. Winayo ndine.

Nyumba zimene ndimakoka kwambiri ndi za mtundu wa fifth wheel. Izi sizikoledwa kumchira kwa galimoto ayi. Mutu wake umakwera pamwamba pa bodi ya pikapu, ndipo chitsulo chake chotchedwa kingpin chimalowa mu hitch yomangidwa m'bodimo, pamwamba penipeni pa ekiselo ya kumbuyo. Mukaona mathiraki a ku Beira aja pa Mwanza, hosi ndi thirela, mfundo yake ndi yomweyo.

Tsono achimwene, amene munakulira kumudzi mukumbukire ngolo ya ng'ombe. Mukaika matumba a chimanga kutsogolo kwa ngolo, ng'ombe zimatha kukoka bwinobwino, koma goli limazikanikiza pakhosi mpaka zimayenda mitu ili pansi. Mphamvu yokoka zili nayo. Chawavuta ndi khosi. Fifth wheel ndi chimodzimodzi. Pa kulemera konse kwa nyumbayo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limakhala pa kingpin, kutanthauza kuti lakhala pamsana pa pikapu yanu. Injini za dizilo za masiku ano, kaya Cummins ya mu Ram, Power Stroke ya Ford kapena Duramax ya Chevrolet ndi GMC, zonse zimakoka modabwitsa, ndipo injini ya mu dually nthawi zambiri ndi yomweyo imene ili mu inzake ya matayala awiri. Kusiyana kuli pa khosi.

Ine izi ndinaziphunzira mochedwa, ndalama zitapita kale. Pikapu yanga yoyamba inali ya matayala awiri kumbuyo, ya gulu lija amati three-quarter ton, yogwiritsidwapo kale ntchito. Bambo amene anandigulitsa anandionetsa pepala, nati iyi imakoka mapaundi 15,000. Sananame. Ine ndi amene sindinafunse funso lachiwiri. Pamphuthu pa chitseko cha dalaivala pamakhala kasitika kachikasu konena kulemera kumene galimoto imeneyoyo, osati inzake ya m'kabuku, ingasenze, kuphatikiza anthu ndi katundu. Kanga kankati 2,300. M'chiyankhulo cha kwathu, ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50 pafupifupi 21. Zikumveka zambiri eti? Chotsanipo ineyo, poti nsima ya kuno sinandikane, mapaundi 200. Chotsanipo hitch, 200 enanso. Chotsanipo thanki yowonjezera ya dizilo imene tonse a ntchito imeneyi timaika m'bodi, 400 ikadzaza. Mwatsala ndi 1,500. Nyumba imene ndinkakoka inkalemera 13,000, ndipo pa kingpin inkaika 2,800. Ndinali nditasenzetsa matumba 25 pamalo a matumba 13, ndili mluzu pakamwa.

Galimoto inkandiuza, ine ndi amene sindinkamva. Kumbuyo kunkakhala pansi, mphuno m'mwamba, moti usiku anthu ankandiphethirira nyale poganiza kuti ndawayatsira zazikulu. Thiraki yaikulu ikandidutsa, chiwongolero chinkapepuka m'manja. Tsiku lina mu July, dzuwa likuswa mtengo ku Iowa, tayala la kumbuyo kumanja linaphulika ndili pa liwiro. Sindinagubuduzike, Mulungu ndi wabwino, koma mmene kona imeneyo inagwera pansi, nyumba yonse n'kutsamira komweko, sindifuna kudzazionanso. Nditaima pambali pa msewu miyendo inkanjenjemera moti ndinakhala kaye pa udzu.

Nditasintha tayala ndinapita pa sikelo. Pamalo ambiri oimikira mathiraki pamakhala sikelo za CAT, zachikasu, ngati ija ya pa Balaka koma iyi umapitapo wekha, n'kulipira madola ochepa. Imakupatsa manambala atatu: ekiselo ya kutsogolo, ya kumbuyo, ndi ya ngolo. Ya kumbuyo inati 6,700. Ndinagwada n'kuwerenga m'mbali mwa tayala: 3,195 likapopedwa kufika 80 psi. Awiri ndi 6,390. Sipanafunike wina wondimasulira.

Dually ili ndi matayala anayi kumbuyo, awiri uku awiri uku, ngati Canter kapena Dyna za matola zija. Tayala lililonse likakhala pawiri amalichepetsera pang'ono muyeso wake, komabe anayi ndi anayi. Masipuling'i ndi ekiselo nazonso n'zolimbirapo. Kasitika ka imene ndili nayo panopa kamapitirira 5,000, matumba 45 ndi kanthu. Koma chimene ndinachimva tsiku loyamba si nambala. Ndi bata. Kumbuyo n'kotambalala, ndiye nyumba ikafuna kugwedezeka, galimoto imakana. Ukafika madzulo mapewa sakupweteka chifukwa sunalimbane ndi chiwongolero tsiku lonse. Ndipo tayala limodzi likaphulika, linzake limakugwirira mpaka utapeza poima. Zinandichitikiranso kamodzi ku Nebraska, ndinangomva kuti phuu, n'kupatuka pang'onopang'ono ngati palibe chachitika.

Musathamange kukasaina ngongole, achimwene, imvani kaye mbali inayi, poti mayi a kunyumba akanakhala pano akanailankhula okha. Dually kumbuyo ndi yotambalala pafupifupi mafiti 8, pamene inzake ndi mafiti 6 ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Kuno zinthu zambiri umachita uli m'galimoto: kubanki, kogula khofi, kotenga mankhwala. Tinjira timeneto dually imalowa mopumira m'mwamba, pena osalowa n'komwe. Makina ambiri otsukira galimoto saiilandira. Kusitolo ndimaimika kutali, kumapeto kwenikweni, n'kuyenda wapansi ngati ndatsika minibasi pa siteji yolakwika. Mwezi woyamba ndinakhulitsa chiuno chake pa chipilala, chifukwa kutsogolo kunadutsa bwinobwino ndipo ndinaiwala kuti kumbuyo kukubwera kwina. Mayi anaiyendetsa kamodzi kupita kutchalitchi, pobwera anandiponyera makiyi n'kunena kuti, “Bambo, iyi ndi yanu nokha.” Tinachita kusunga kagalimoto kawo kakang'ono, ndiye werengerani inshulansi ziwiri.

Kenako sinowo. Ku South Bend timalandira sinowo wochokera ku nyanja ya Michigan, wogwa usiku umodzi mpaka kukwirira masitepe. Munthu angaganize kuti matayala ambiri ndiye kugwira msewu kwambiri. Ayi ndithu. Dually ikakhala yopanda katundu, kulemera kochepa kwa kumbuyo kumagawikana pa matayala anayi, ndiye imangoyandama pamwamba, komanso matayala a kumbuyo satsata mkwasa umene a kutsogolo atsegula. Ndaonapo timagalimoto ta ana a sukulu tikundidutsa pa kamtunda ine ndikungozungulitsa matayala. Ngati mugula, gulani ya 4x4, ndipo m'nyengo yozizira muziika matumba a mchenga m'bodi.

Apa mpamene pali nkhani ya ndalama imene anthu sakuuzani. Pa ntchito imeneyi amatilipira mamailosi amene takoka nyumba. Pobwerera umabwera chimanjamanja, dizilo ndi wako. Ndiye theka la moyo wa galimotoyo imayenda yopanda kanthu, ikudumphadumpha pa masipuling'i olimba aja mpaka impso kumva, ikumwa mafuta ochulukirapo kuposa inzake, ikudya matayala 6 m'malo mwa 4. Tsiku logula matayala ndimadwala. Komanso tayala la mkati lija ndi lachinyengo. Likhoza kuphwa osaoneka, la kunja n'kumasenza lokha mpaka kutentha. M'mawa uliwonse ndimagwada ndi geji, ndipo ndimasuzumira pakati pa awiriwo, poti mwala ukalowapo umadya onse awiri mwakachetechete.

Palinso laisensi. Malamulo ake ali ndi timakona tambiri, koma nambala yoti muigwire pa ntchito ya malonda ndi mapaundi 26,001. Muyeso wa kulemera wolembedwa pa galimoto ndi wa pa ngolo mukauphatikiza n'kufika pamenepo, ngoloyo ili yopitirira 10,000, mwalowa m'dera la CDL ya Class A, laisensi ya oyendetsa mathiraki akuluakulu. Ma dually ambiri amalembedwa 14,000, ndiye mwatsala ndi 12,000 yokha ya ngolo. Mwaona chodabwitsacho? Galimoto yaikulu, yokhoza kusenza zambiri, ndi imene imakufikitsani msanga pa mzere wa lamulo. Anzanga ena opanda CDL amasankha dala ya matayala awiri pa chifukwa chimenechi. Ine ndinangopita kusukulu n'kukaitenga, ndipo ndikanakhala inu ndikanayamba ndi imeneyo ndisanayang'ane n'komwe galimoto.

Ndiye yankho langa ndi ili, ndipo ena a ku Elkhart akandimva atsutsa, palibe kanthu. Ngati mukufuna kudya pa ntchito yokoka ma fifth wheel, tsiku ndi tsiku, mitundu yonse imene akupatseni, gulani dually ya bodi yaitali ya mafiti 8. Bodi yaifupi imafuna hitch yotsetsereka, apo ayi pokhota kwambiri mutu wa nyumba umaswa galasi la kumbuyo, ndipo nyumbayo ndi yatsopano, si yanu. Dually imakulolani kunena kuti inde pa nyumba zikuluzikulu zija za mafiti 40 ndi kupitirira, zimene ena amazisiya pabwalo. Koma ngati mukufuna kuyamba ndi ngolo zing'onozing'ono zokoledwa kumchira, kapena mukungofuna nyumba yapakatikati yopita nayo kunyanja ndi ana kawiri katatu pachaka, galimoto yomweyo n'kumapitanso nayo kuntchito, musadzivutitse. Tengani ya matayala awiri, koma ya gulu la one ton, monga F-350 kapena 3500, osati yocheperapo ngati ija ndinayamba nayo ine. Mtengo wake susiyana kwambiri ndi wa yaing'onoyo, kukula kwa thupi n'chimodzimodzi, koma kasitika kachikasu kaja kamanena zina. Matayala ambiri a mainchesi 18 a pa zimenezi amalembedwa 3,640 lililonse, ndiye muli ndi mpata. Ine malire anga ndimaika pa kingpin ya mapaundi 3,000. Kupitirira apo, anayi basi.

Ndipo mukapita kogula, musayambe ndi kutsegula boneti ngati mmene timachitira kwathu. Tsegulani chitseko cha dalaivala, weramani, jambulani kasitikako pa foni, munditumizire pa WhatsApp tiwerengere limodzi. Galimoto ziwiri zofanana maonekedwe zikhoza kusiyana ndi mapaundi mazana angapo chifukwa ina ili ndi mipando yachikopa ndi denga lagalasi. Zokongolazo zimadya matumba anu a chimanga.

Wina afunsa kuti nanga poti muli ndi dually, mwaimiranji? Mphepo ya ku Wyoming siwerenga matayala a pikapu. Imamenya khoma la nyumbayo, lalitali mafiti 13 kuchokera pansi, ndipo nyumba yatsopano imakhala yopanda kanthu mkati, ngakhale madzi m'thanki mulibe. Pafupi nane pano paima anzanga asanu a mapepala a Indiana, ena a matayala anayi kumbuyo, ena a awiri, tonse tikuyang'ana foni kudikira kuti atsegule. Akuti mwina usiku ikhala bata. Ndatenthetsa nyemba zimene mayi anandiikira m'kabokosi, ufa ndili nawo, kasitovu kali m'bodi pafupi ndi hitch. Nyumbayi ikuyembekezeka ku Boise, ku Idaho, ndipo ndawaimbira kale kuti asandidikire lero. Achimwene a ku Dallas, ndikudikira chithunzi chija. Tsalani bwino nonse.